Mchere wa Mkazi Wanga ndi Sikelo ya ku Depoti

Mdzukulu wanga amene ndimakhala naye kuno ku komboni ya Nabvutika ali ndi sikelo yagalasi pansi pa bedi lake. M'mawa sadya, masana sadya, akuti akuchepetsa thupi. Kukacha amaikwera. Lero atsika akuseka, mawa atsika atakwinya nkhope, mkuja asekanso. Ine sindiyankhulapo. Khalidwe la sikelo ndinalidziwa kale, pamene inatsala pang'ono kuchotsa agogo ake pakhomo panga.

Zinali zaka zoyambirira za ufulu, tauni yathu itangovula dzina la mzungu n'kuyamba kutchedwa Chipata. Ine ndinkanyamula matumba pa depoti ya alimi. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma manambala ndinkawerenga, ndipo thumba la chimanga ndinkaliika paphewa popanda wondithandiza. Nthawi yokolola tinkayeza nsawa, thonje ndi chimanga. M'dzinja tinkatsitsa feteleza ndi chimanga chogulitsa kwa amene nkhokwe zawathera. Sikelo yake inali yachitsulo, yokhala pansi, ya mkono wautali wokhala ndi kamwala kokankha. Kapitawo akachokapo anyamata ankaikwera mocheza. Ine sindinkachita nawo zimenezo.

Kwathu kunali kumudzi, cha kunjira ya ku Mtenguleni. Ndinkapita wapansi, kunyamuka m'mamawa, kubwerako dzuwa likulowa. Mkazi wanga anali wa mudzi wa kufupi ndi ku Mwami, ndipo ndinamutenga chitengwa, kudzakhala pakati pa abale anga. Mayi sanamukonde. Iwo anali atandisankhira wina wa m'mudzi momwemo, ine n'kukana. Ankati mkazi wangayo ndi wosayankhula, ndipo munthu wosayankhula amabisa zambiri. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wongoyamba kumene kuimirira.

Chaka chimenecho chikuku chinalowa m'mudzi. Nyumba ziwiri zoyandikana nafe zinaika ana m'manda. Wathu anadwala mpaka maso kumatirira, kupuma kwake ngati kwa kamwanapiye konyowa ndi mvula. Tsiku lina popita kuntchito ndinapatukira m'katchalitchi kathu ka udzu. Munalibe munthu. Ndinagwada, ndipo sindinapemphere za m'buku. Ndinati: mwana uyu mukandisiyira, nyengo yonse ya Lenti ndidzadya kamodzi patsiku, dzuwa litalowa, mtanda umodzi wa nsima, kupatula Lamulungu, ndipo sindidzauza munthu. Mawu otsirizawo ndinawonjezera chifukwa ansembe anali atalalikirapo kuti wosala kudya n'kumadzionetsa wataya kusala kwakeko. Ine ndinawamva monga anawanenera.

Mwana anachira. Phulusa loyambira Lenti litapakidwa pamphumi, ndinayamba.

Mkazi wanga ankandimangira kamba m'kambale kachitsulo kobenthuka m'mphepete: mkute, nthawi zina maungu oyamba kapena chimanga chophika. Masana ndinkakapereka kwa mkulu wina wothawa nkhondo ya Apwitikizi, amene ankakhala kuseri kwa shedi kusoka matumba ong'ambika. Sankafunsa. Ankadya, kutsuka kambaleko, kundibwezera. Ine ndinkamwa madzi. Madzulo chakudya chinkandipeza pakhonde ndili ndekha, poti amuna ena ankakhala atadya kale. Ndinkadya mtanda wanga, zotsala ana a mlongo wanga n'kulimbirana akazi asanaone mbale.

Kunyamula matumba m'mimba muli mphepo si masewera. Masiku oyamba mutu unkawawa dzuwa likafika pamutu, ndipo kawiri ndinaona nthaka ikupendekeka ndili ndi thumba paphewa. Sindinagwe. Pambuyo pake thupi linazolowera, koma lamba ndinaboola bowo lina. Masaya analowa. Fumbi la feteleza linandipatsa chifuwa chouma, chimene chinkandivuta kwambiri m'mawa.

Lamulungu lina tikuchokera ku Misa mayi anandigwira pamkono, kufinya, n'kusiya.

"Iwe, wadulidwa."

"Ndi ntchito, amayi."

"Ntchito wayamba lero? Tatsokomola ndimve."

Sindinafune, koma chifuwa chinabwera chokha.

Tinali Akatolika a kolona m'khosi, koma mdulo panalibe woutsutsa. Mwamuna akayamba kuwonda ndi kutsokomola, akuluakulu ankati mkazi wake wagona ndi wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, ndipo mcherewo ndiwo umadula mwamuna pachifuwa. Mankhwala analipo, koma ankati sagwira ntchito mkazi asanatchule dzina la mwamunayo. Mayi anali nacho chogwira. Mwana asanadwale, mkazi wanga anapita kwawo ku maliro. Mitsinje inadzaza, anabwera mochedwa, pa lole ya katundu yochokera ku Mwami. Wina anamuona akutsika kutsogolo, kumene kumakhala dalaivala.

Anamuitana masana omwewo pansi pa mtengo wa mango. Mkazi wanga anakhala pansi atatambasula miyendo, mwana atamufungata, maso pansi.

"Mtengwa, tchula dzina, mwana wanga amwe mankhwala."

"Ndilibe dzina loti nditchule, amayi."

"Nanga akuwonderanji?"

"Sindidziwa. Kuphika ndimaphika."

"Tikudziwa kuti umaphika. N'chimene takuitanira."

Ine ndinati, "Mkazi wanga sanalakwe."

"Ndiye ukuwonderanji iwe?"

Ndinakhala chete. Kukhala chete kwangako anakumva onse.

Panalinso amalume, mlongo wawo wa mayi, wamng'ono kwa iwo, munthu wa njinga ndi tayi amene ankayendetsa misonkhano ya chipani m'dera lathu. Iwo ankakonda kunena kuti dziko lasintha.

"Alongo, zoweruza ndi maso zinapita ndi atsamunda. Pantchito pa mphwangayu pali sikelo, ndipo sikelo ilibe m'bale. Mtengwa aphike pakati pa sabata monga mwa masiku onse, Loweruka m'mawa tikamuyeze mwamunayu. Loweruka madzulo ndi Lamulungu muphike inu, ndi mchere wanu, Lolemba tikamuyezenso. Akamatsika pa mchere wa mkazi n'kumakwera pa wanu, nkhani yadziweruza yokha. Zikatero katatu, tiitana ankhoswe."

"Akapanda kuulula apite kwawo," anatero mayi.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mkazi akapita, mwana apita naye kumsana. Mwana yemweyo amene ndinagwadira.

Msamphawo ndinauona pomwepo. Lamulungu linali tsiku lokhalo limene ndinkadya ngati munthu, ndipo ndilo anapatsa mayi. Koma kukana sikelo kukanakhala kuvomera mlandu.

Titalowa m'nyumba mkazi wanga anatsitsa mwana pamphasa.

"Bambo a mwana, chikukupwetekani n'chiyani? Tiyeni kuchipatala akakupimeni."

"Sindikudwala."

"Nanga chakudya changa chaipa?"

"Sichinaipe."

"Ndiye mundithandize, poti ine ndilibe pogwira."

Ndinatenga khasu n'kupita kumunda, pa Lamulungu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

Lolemba amalume anafika pa depoti, anatsamiritsa njinga, anapempha kapitawo. Anyamata anasiya matumba kudzaonerera.

"Bwana, mukumugula uyu?" anafunsa mmodzi. "Tengani giredi B, wa A anatha."

"Muchotsepo kulemera kwa thumba," anatero wina. "Malayawo ndi olemera kuposa mwini wake."

Ndinawayang'ana, anabwerera ku matumba awo. Ndinakwera. Amalume anakankha kamwala okha mpaka mkono wa sikelo unaima pakati. Loweruka anabweranso. Ndinali nditatsika mapaundi anayi. Anangoimba kamluzu.

Loweruka madzulo ndi Lamulungu mayi anatulutsa zimene ankabisa: nsomba zouma za ku Malawi zowawa mchere, nyemba, thobwa la mapira. Lamulungu silinali m'pangano, ndipo njala inali itandikwana. Ndinadya katatu. Ludzu linandigwira, ndinamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kolima. Lolemba kamwala kanabwerera pamene kanali, n'kupitirirako pang'ono.

"Waona, mphwanga?"

Sabata imeneyo ndinayamba kuikwera sikelo mobisa, kapitawo akapita kukadya. Ndinaona kuti siikhala malo amodzi. M'mawa inena zina, masana zina. Ndikamwa madzi ikwera, ndikapita kuthengo itsika, ndikatsitsa lole padzuwa itsikanso. Thupi lomwelo, tsiku lomwelo. Mnofu wa munthu sungachoke m'mawa n'kubwerera masana. Ndinawauza amalume nditakumana nawo panjira.

"Sikelo ija anaipangira matumba. Thumba silituluka thukuta, silikodza."

"Ukuikira kumbuyo mkazi. Ndi mmene amachitira odulidwa onse."

Loweruka lachiwiri ndinalawirira, ndinapita pampopi. Madzi sanali oletsedwa m'pangano langa. Ndinamwa mpaka mimba kulimba ngati ng'oma, n'kukhala pathumba kudikira. Amalume sanafike. Dzuwa linakwera. Atafika anaima pageti ndi kapitawo, kukambirana za makadi a chipani ndi za mtengo wa thonje. Ine thukuta lili kamukamu, miyendo nditaiphatikiza. Anamaliza za thonje, anayamba za msewu. Ndinapirira mpaka m'maso kuchita mdima, kenako ndinathamangira kuseri kwa shedi. Mkulu wosoka matumba anandiyang'ana, n'kubwerera ku singano yake.

Pobwera ndinapeza amalume ataima pafupi ndi sikelo.

"Wapepukidwa? Kwera."

Inatsika, ngakhale osati monga poyamba. Koma kutsika n'kutsika. Lolemba, nditadya za mayi, inakweranso. Kunali kachiwiri.

Pamudzi akazi anasiya kuyenda naye mkazi wanga popita kuchitsime. Mlongo wanga analetsa ana ake kudya makombo a m'mbale yanga, ndiye mtanda wachiwiri unayamba kubwerera kukhitchini wosakhudzidwa. Mayi anati onani, ngakhale thupi lake likumukana mkaziyo. Mkazi wanga sanalire pamaso pa munthu. Anamanga nsalu zake ndi timalaya ta mwana m'chitenje, n'kuika mtolowo kuseri kwa chitseko. Ndinkauona potuluka ndi polowa.

Kwa ansembe sindinapite. Pangano sindinachite ndi iwo. Ndinkayang'ana mwana akugwira khoma kuphunzira kuyenda, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, amene anandibwezera mwanayo angathe kumutenganso. Wina anene kuti Mulungu sachita choncho. Manda awiri aja anali asanamere udzu.

Lachinayi la sabata yachitatu, pobwera kuntchito, ndinamupeza mkazi wanga pa kamtsinje ka kudambo, atakhala pamwala, mwana kumsana, alibe mtsuko, alibe zochapa. Dzuwa linali lisanalowe.

"Ndinapita naye mwana kuchipatala lero kukaonetsa maso," anatero. "Pobwera ndinadzera ku depoti."

Ndinaima pafupi naye.

"Kambale kanga ndimakadziwa, bambo a mwana. Ndinakaona pamiyendo pa agogo osoka matumba aja. Inu munali pansi pa mtengo ndi chitini cha madzi."

"Ndinali wokhuta."

"Musandinamize, si khalidwe lanu. Munayamba liti? Tsiku la Phulusa?"

Ndinayang'ana madzi.

"Ndi za mwanayu?"

"Sindinganene."

"Simunanene. Ndanena ndine." Anamasula nsalu ya mwana n'kuimanganso molimba. "Ndiye mukanandisiya ndipite?"

"Pasaka wayandikira."

"Ankhoswe ayandikira kuposa Pasaka."

Zinali zoona. Mwana anatambasula dzanja kufuna chipewa changa. Ndinamupatsa.

"Lamulungu mumadya?"

Ndinagwedeza mutu. Kugwedeza mutu si kuuza munthu.

"Masiku enawo ndi madzulo okha?"

Ndinagwedezanso. Anakhala kanthawi akukanda mwala ndi chala.

"Chabwino. Pitirizani zanuzo. Tsogolani, asatione limodzi."

Loweruka sikelo inatsika kachitatu. Linatsala Lolemba lokha. Lamulungu masana, nditadya kale za mayi, anasonkhananso pansi pa mango. Amalume anali atatumiza mawu kwa nkhoswe ya kuchikazi kuti ikhale yokonzeka. Mkazi wanga anagwada, anaomba m'manja pang'ono. Munthu wosayankhula uja.

"Amalume, ndipempheko chimodzi ndisanapite. Sikelo yamva mchere wanga masiku ambiri, wa amayi masiku awiri okha. Tisinthane. Amayi aphike pakati pa sabata, ine Loweruka madzulo ndi Lamulungu. Ngati ndine ndikuwadula, anenepa sabata yonse, Lolemba adzatsika. Zikatero musadzavutike ndi ankhoswe, ndidzanyamuka ndekha."

"Tamumvani," anatero mayi. "Akufuna kundiyesa ine."

"Si inu, alongo, ndi mchere," anatero amalume. Maso awo anawala, zoterezi ankazikonda. "Wanena zanzeru mtengwayu. Thumba timaliyeza mbali zonse."

"Thumba lili ndi mbali?"

"Ndi kanenedwe chabe, alongo."

"Ndiphika. Mudzaone mmene mwana amanenepera kwa mayi ake."

Ine ndinaganiza kuti zatha. Sikelo inali ndi maganizo ake.

Lolemba inali pamwamba monga mwa Lolemba lililonse. Mayi anamanga kamba wochuluka, mkulu wosoka matumba anadya mpaka kusinza masana. Madzulo mitanda ya mayi inali ikuluikulu kuposa ya mkazi wanga, koma umodzi ndi umodzi, ndinkautha. Wachiwiri ana a mlongo wanga analoledwanso kulimbirana. Ndiwo zinali nsomba za mchere zija, tsiku ndi tsiku. Lachitatu ndinaikwera sikelo mobisa. Sinatsike. Lachinayi inali itakwerako pang'ono. Ndinatsika, ndinasuzumira pansi pake ngati palowa mwala, ndinakweranso. Chimodzimodzi. Munthu wosadya m'mawa ndi masana, kulemera kuposa Lolemba! M'mimba munali mutauma masiku angapo, zala zitatupa, ludzu losatha. Ndinkadziwa kuti ndi madzi ndi zosatuluka, si mnofu. Koma amalume sakanayeza zimene ndikudziwa ine. Akanayeza zimene zaima pachitsulo.

Madzulo amenewo mkazi wanga anandiyang'ana ndili pakhonde. Ndinapukusa mutu. Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akusuntha mtolo uja kuseri kwa chitseko. Mawu anali atapereka yekha pamaso pa anthu, ndipo ndinkamudziwa. Akananyamukadi.

Ndikanatha kusiya kudya Lachisanu madzulo, kapena kumwa mizu yotsegula m'mimba. Ndinaganizapo. Koma za pampopi zija zinali zitandikwana. Mwamuna sachita manyazi amodzi kawiri.

Lachisanu kunabwera malole a chimanga, mvula itadula, dzuwa likuswa mtengo. Tinatsitsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, malaya kumawafinya ngati ochapa. Sindinapume pamene anzanga ankapuma, koma imeneyo ndi ntchito, si chinyengo. Popita kumudzi m'mimba munamasuka mokha, ndinapatukira kuthengo kawiri. Pakhonde ndinadya mtanda wanga wonse, osasiyako.

Loweruka amalume analawirira. Ndinakwera. Anakankha kamwala kufika pa nambala ya Lolemba. Mkono wa sikelo unagwa pansi. Anabweza pang'ono. Unakhalabe pansi. Anabwezanso, anabwezanso. Unadzadzuka nditatsika mapaundi asanu.

Kamluzu sanaimbe.

"Tsika, ukwerenso."

Ndinatero. Anaitana kapitawo kuti aone ngati yawonongeka. Kapitawo anaikapo thumba la feteleza losatsegula, anayeza, n'kulichotsa.

"Ili bwino, bwana. Kapena mukufuna tikuyezeni inu?"

Mkazi wanga anapha nkhuku yake imene anabwera nayo kuchokera kwawo. Anaphika maungu, nkhwani wotendera, anakonza thobwa. Mchere anathira ndi dzanja lonse, mayi akuona. Lamulungu ndinadya mpaka kulephera kuwerama. Lolemba kamwala kanakwera.

Amalume anandidikira mpaka kuweruka, tinafika limodzi pamudzi iwo akukankha njinga. Anakhala pampando, anamasula tayi. Mayi anali akusankha nyemba palichero. Mkazi wanga anaima pakhomo la khitchini.

"Alongo, pa mchere wanu watsika. Pa wa mtengwa wakwera."

Mayi anasiya nyemba.

"Ukuti chiyani?"

"Si ine, ndi sikelo."

"Ndiye ndikumudula ndine? Mwana amene ndinabala ndekha? Ine amene amuna anga ali m'manda zaka zonsezi, ndagona ndi yani? Tandiuza. Ndi njinga yakoyo?"

"Sikelo ilibe m'bale, alongo."

"Iwenso ulibe nzeru. Chitsulo choyezera thonje chidziwa chiyani za munthu? Anabweretsa zopusazi pano ndani?"

Amalume anayang'ana nsapato zawo.

"Ngati yanama pa inu, amayi," ndinatero ine, "inanamanso pa iye."

Mayi anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wanga nthawi yaitali. Kenako anatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Ankhoswe sanabwere. Wopepesa panalibe. M'mawa mwake mtolo uja sunalinso kuseri kwa chitseko.

Lenti ndinamaliza monga ndinapanganira, osaphonya tsiku. Pasaka atapita ndinayamba kudya masana, feteleza anatha m'shedi, chifuwa chinaleka, masaya anabwerera. Mayi ankauza anthu kuti anandichiritsa ndi mizu imene anandithirira m'thobwa. Sindinawatsutse. Anamwalira osadziwa.

Tsiku la Pasaka lenilenilo, titachokera ku Misa, mkazi wanga anandiikira chakudya pakhonde. Ndinalawa ndiwo. Munalibe mchere. Pambali panali kambale kobenthuka kaja, muli mchere pang'ono.

"Waiwala?"

"Sindinaiwale. Thirani nokha."

"Nkhani ija inatha."

"Inatha kwa amalume. Inu munapangana ndi Mulungu kuti mudzamva njala. Simunapangane naye kuti ine ndidzakhale pansi pa mango."

Ndinathira.

Tinabereka ana ena. Anaphikira alendo, anaphikira anawo, anaphikira ngakhale mayi atakalamba, ndipo ndiwo zawo ankathira mchere monga mkazi aliyense. Zanga ankapatula asanathire. Sanaleke mpaka tsiku limene tinamuika, ndipo ine sindinamupemphe kuti aleke. Pangano langa ndinasunga, mwana anakula, ndiye mayi wake wa mdzukulu wa sikelo yagalasiyu. Mkazi wanganso anasunga lake.

Kuno ndiwo zimabwera zothira kale. Mdzukulu akuti ndimavuta pa chakudya, chifukwa ndikasamba m'manja, dzanja limayamba lafufuza pambali pa mbale.